ZACHILENDO ZA KU ULAYA ZIMENE TIZIONA KU MUA NDI KU GOLOMOTI

Inu a kunsi kwa mapiri a Dedza, a ku Mua, a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka, nkhani ya lero ili kuyambira kwanu. Ambiri a ife tinakula tili kumva za ku Ulaya monga dziko la anthu odziwa zonse chiyambire, olankhula chinenero chimodzi, osadwala nthenda zathu zino. Ana akamva zimenezi amayamba kupeputsa za kwao. Tsono ine ndifuna kukuuzani zina za dzikolo zimene sizikambidwa kawirikawiri, ndipo sindikutengerani kutali, chifukwa mboni zake zili pakhomo panu pomwepo.

Mvula ikayamba kugwa, cha mu Novembala, taimani madzulo pafupi ndi njanji pa Golomoti, muyang'ane pa mawaya. Mudzaona anamzeze atandandalikana, ena ali kuuluka motsika pamwamba pa madambo kugwira tizilombo. Anamzeze alipo a mitundu ingapo. Ena ndi athu enieni, amene amamanga zisa zadothi pansi pa milatho ndi m'makonde mwathu. Koma alipo ena a msana wakuda wonyezimira, a kumimba koyera, a pakhosi ndi pachipumi pofiirira, amene simunaonepo chisa chawo ngakhale chimodzi. Simunachione chifukwa iwo saswa kuno. Zisa zawo zili m'makola a ng'ombe ndi m'nkhokwe za alimi a ku Ulaya ndi a maiko a kuvuma kwake. Kambalameka kulemera kwake ndi magalamu ngati 20, monga masupuni aang'ono asanu a shuga, koma kamaoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara kawiri pa chaka. Kamafika kuno mvula ili pafupi, ndipo cha mu Malichi kapena Epulo, chimanga chikamakhwima, kamabwerera kwao kukaswa.

Kodi muganiza kuti Azungu anali kudziwa kumene anamzeze awo amapita? Iai, kwa zaka zoposa 2,000 sanadziwe. Iwo anali kungoona kuti chisanu chikayandikira mbalamezo zasowa, ndipo kukayamba kufunda zaonekanso. Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece amene anakhala zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, analemba kuti anamzeze ena amabisala m'mauna nthawi ya chisanu, ndi kuti mbalame zina zimasanduka mtundu wina nyengo ikasintha. M'chaka cha 1555, Olaus Magnus, bishopu wamkulu wa ku Sweden, anatulutsa buku limene muli chithunzi cha asodzi ali kukoka khoka m'madzi oundana, m'khokamo muli nsomba pamodzi ndi anamzeze. Iye anali kuphunzitsa kuti mbalamezi zimamira pansi pa nyanja, zimagona m'matope miyezi yonse ya chisanu. Musaganize kuti anali maganizo a anthu osaphunzira okha. Carl Linnaeus, amene anayambitsa njira yotchulira zomera ndi nyama imene a sayansi aigwiritsabe ntchito mpaka lero, nayenso anavomereza nkhani ya matopeyi. Ndipo mphunzitsi wina wa ku England, Charles Morton, wa m'zaka za m'ma 1600, atalingalira kwambiri, anati mbalame zosowazo zimauluka kupita ku mwezi, ulendo wa masiku 60.

Panali nkhani inanso ya tsekwe wina amene amafika ku Ireland nthawi ya chisanu. Popeza palibe anaonapo dzira lake, anthu anati tsekweyo amamera pa mitengo yoyandama m'nyanja. Gerald wa ku Wales analemba cha mu 1188 kuti atsogoleri ena a mpingo kumeneko anali kudya tsekweyo masiku osala nyama, ati popeza sanabadwe mwa nyama. Akhristu a ku Mua amene adziwa kuvuta kwa nyengo ya Lenti aona okha kuti njala ndiyo inali kuthandiza nzeru pamenepa. Zoona zake n'zakuti tsekweyo amaswa kutali kumpoto, ku Greenland, kumene anthu a masiku amenewo sanali kumuona.

Amene anathandiza kuthetsa mkangano umenewu anali mlenje wa kuno ku Africa, ngakhale iye sanadziwe. Mumdziwa dokowe woyera, wa mlomo wofiira ndi miyendo yofiira, wa nthenga zakuda kumapiko, amene amayenda m'minda ndi m'madambo nthawi ya dzinja kutola dzombe ndi mbozi. Musamsokoneze ndi dokowe wakuda wa kumimba koyera uja amabwera m'magulu mvula ikamayamba, pakuti ameneyo kwao ndi mu Africa momwe muno, cha ku Sudan ndi ku Nigeria. Woyerayo ku Ulaya amamanga chisa pa denga la nyumba, ndipo eni nyumba amakondwa naye, ena mpaka kumuikira gudumu la ngolo padenga kuti amangepo. Ana a kumeneko akafunsa kumene khanda lachokera, makolo amawauza kuti labwera ndi dokowe. Tsono mu Meyi 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz kumpoto kwa Germany, anthu anaombera dokowe amene anali ndi chinthu chachilendo pakhosi. Atamtola anapeza kuti ndi muvi wautali masentimita 80, umene unalowa mbali ina ya khosi ndi kutulukira mbali ina. Akatswiri ataupenda anaona kuti mtengo wake ndi wa pakati pa Africa. Mbalameyo inauluka mailosi zikwi ili ndi muvi pakhosi. Anaiumitsa, ndipo ilipo mpaka lero pa sukulu ya ukachenjede ya ku Rostock, muviwo uli pomwepo. Ine ndiganiza kuti mlenje uja anabwerera kumudzi tsiku limenelo ali wokwiya kuti ndiwo zamthawa ndi muvi wake womwe, osadziwa kuti watumiza kalata ku Ulaya.

Pambuyo pake mphunzitsi wa sukulu wa ku Viborg, m'dziko la Denmark, dzina lake Hans Christian Mortensen, anayamba mu 1899 kuveka mbalame timphete tachitsulo chopepuka kumwendo, tolembedwa nambala ndi kumene tachokera. Ena anatengera nzeru imeneyi. Namzeze wina amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, mu England, mu Meyi 1911, anagwidwa pa famu ina ku Natal, mu South Africa, pa 23 Disembala 1912. Ulendo wake unali wa mailosi ngati 6,000. Taonani chakacho: pamene Angelezi anadziwa motsimikiza kumene anamzeze awo amapita, mishoni ya Mua inali itakhala kale zaka 10.

Mungafunse kuti dokowe adzera njira iti. Iye sakupiza mapiko kwambiri. Amadalira mpweya wotentha umene umakwera kuchokera pa nthaka dzuwa likaomba, amazungulira nawo kukwera m'mwamba monga achitira kamtema, ndipo akafika pamwamba amatambasula mapiko ndi kutsetsereka. Pamwamba pa nyanja yaikulu mpweya wotere palibe, chifukwa chake amapewa Mediterranean. Ena amaolokera pa Gibraltar, koma ambiri amadzera pa Istanbul, natsika ku Israel ndi ku Egypt, natsata mtsinje wa Nile, nalowa m'chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu. Inu mukamatsika msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Masasa ndi kuona chigwa chili tambalala kufikira kunyanja, dziwani kuti muli kuyang'ana msewu wa adokowe. Mneneri Yeremiya, pa mutu 8 wa buku lake, anatchula dokowe ndi namzeze monga mbalame zosunga nyengo ya kubwera kwake, chifukwa kwao zinali kudutsa chaka ndi chaka.

Tsono tisiye mbalame, tione anthu. Mu Seputembala 1902 kunafika Azungu owerengeka m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, namanga hema wawo. Ndicho chiyambi cha mishoni ya Mua. Anali a chipani cha White Fathers, ndiko kunena abambo oyera. Ambiri amayesa kuti dzinali linadza chifukwa cha khungu lawo, koma linadza chifukwa cha zovala. Chipanichi sichinayambire ku Roma kapena ku Paris. Chinayambira ku Algiers, kumpoto kwa Africa, mu 1868, ndipo anachiyambitsa ndi Charles Lavigerie, Mfalansa amene anali bishopu wamkulu wa mzindawo, pa nthawi imene njala ndi kolera zinasiya ana amasiye ambiri m'dzikomo. Iye anafuna kuti ansembe ake asaoneke achilendo pakati pa Aluya, tsono anawaveka monga Aluyawo: mkanjo woyera wautali, chofunda choyera, kapu yofiira, ndi korona m'khosi yofanana ndi mikanda imene Asilamu amapempherera. Motero mkanjo umene agogo athu anauona ngati chovala cha Chikhristu cha ku Ulaya unali chovala cha Asilamu a ku Algeria. Ndevu zazitali zija nazonso zinali zogwirizana ndi mwambo wa komweko.

Ulendo wa 1902 sunali woyamba. A White Fathers anafikapo kale kwa Mfumu Mponda, kumene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, mu Disembala 1889. Anali Afalansa ndi anzawo, koma ndalama za ulendo zinachokera ku boma la Portugal, limene linali kufuna kuonetsa maiko ena kuti dera la kunyanja ndi lake. Patangopita masabata awiri, pa 11 Januwale 1890, boma la Britain linatumiza mawu oopseza ku Lisbon kuti Apwitikizi achotse asilikali awo ku dera la Shire, ndipo Apwitikizi anagonja. Ansembe aja anatsala pakati ngati mwana wa maukwati awiri, opanda wowateteza, ali kudwala malungo. Mu 1891 anachoka napita kumpoto, kwa Amambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Mudziwe pamenepa kuti Azungu sanali mtundu umodzi wogwirizana. Anali kulimbirana malo monga mafumu alimbirana dambo, ndipo mkangano wa ku London ndi ku Lisbon ndiwo unachedwetsa kufika kwa abambowa kuno zaka zoposa 10. Atakhazikika ku Mua anatsegulanso Mtakataka mu 1908, pafupi ndi likulu la Inkosi Kachindamoto, ndi Bembeke mu 1910.

Chodabwitsa chachikulu kwa ine ndi zimene zinali kuchitika kwao pa nthawi imeneyo. Pamene iwo anali kuumba njerwa za tchalitchi ndi sukulu ku Mua, boma la France linali kutseka sukulu za mpingo. Mu Juni 1902 Émile Combes anakhala nduna yaikulu. Munthuyu ali mnyamata anaphunzira za unsembe, koma atakula anasanduka mdani wa ansembe. M'miyezi yochepa anatseka sukulu za masisitere ndi mabulazala zoposa 2,000. Mu 1904 kunatuluka lamulo loletsa zipani za mpingo kuphunzitsa, ndipo pa 9 Disembala 1905 boma ndi mpingo zinalekana. Ansembe ndi masisitere zikwi zambiri anatuluka m'dziko lawo kukakhala ku Belgium, ku England ndi ku Canada. Mwana wa ku Mua amene anali kuphunzira katekisimu pansi pa mtengo sakanakhulupirira kuti mphunzitsi wake sakanaloledwa kutsegula sukulu yotere m'mudzi umene anabadwira.

Ndipo mverani ichi. Pa 29 Seputembala 1902, mwezi womwewo umene hema uja anaimikidwa pa Nadzipokwe, Combes analemba kalata yoletsa ansembe a ku Brittany kulalika ndi kuphunzitsa katekisimu m'chinenero cha anthu a kumeneko. Brittany ndi chigawo cha kumadzulo kwa France, ndipo kumapeto kwake anthu amalankhula Chibretoni, chinenero chosiyana kotheratu ndi Chifalansa, chachibale ndi cha anthu a ku Wales. Masiku amenewo malipiro a ansembe anali kuchokera ku boma, tsono amene anakana kumvera anawadulira malipiro. Chigawo chimenechi ndicho chinatulutsa amishoni ambiri. Mathurin Guillemé, amene anatsogolera a White Fathers kutsegula mishoni zoyamba za kuno nakhala bishopu mu 1911, anabadwira ku Brittany mu 1859. Louis de Montfort, amene anayambitsa chipani cha abambo a ku Nzama, nayenso anali wa komweko.

Kodi simudabwa kumva kuti ku France si onse anali kulankhula Chifalansa? Mu 1794 wansembe wina, Henri Grégoire, anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo lonena kuti anthu osachepera 6 miliyoni a m'dzikomo sadziwa Chifalansa konse, enanso ochuluka chomwecho sangathe kuchezera m'chinenerocho, ndipo ochilankhula bwino sapitirira 3 miliyoni. Dzikolo linali ndi anthu ngati 28 miliyoni. Kumwera kunali chinenero chake, kumalire ndi Spain kunali Chibasiki, kumalire ndi Germany kunali chinanso. Boma linatsimikiza kuti onse alankhule chimodzi, ndipo chida chake chinali sukulu. Mwana wa ku Brittany akagwidwa ali kulankhula cha amai ake pa sukulu, anali kumkoloweka nsapato yamtengo kapena kathabwa m'khosi. Kuti kamchoke, anayenera kugwira mnzake wina ali kulankhula chomwecho ndi kumpatsira, ndipo amene anali nako poweruka ndiye anali kulandira chilango. Ku Wales kunalinso kathabwa kotere. Ambiri a inu amene munapita ku sukulu zathu zina mukumbukira chinthu chofanana ndi chimenechi, pamene kulankhula Chichewa m'kalasi unali mlandu. Mwina munayesa kuti mwambowo anaupangira ife anthu akuda. Unayambira pa ana a Azungu okhaokha. Ndipo zotsatira zake zioneni: cha m'ma 1900 olankhula Chibretoni anali oposa 1 miliyoni, lero safika 250,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi nkhalamba. Makolo amene analangidwa ali ana sanafune kuti ana awo adzalangidwenso, tsono analeka kuwalankhula m'chinenerocho kunyumba. Chinenero chimatha motero, mwakachetechete, m'mibadwo iwiri kapena itatu.

Lavigerie anali ndi maganizo ena pa nkhani imeneyi. Analamula ansembe ake kuti akafika pa malo aphunzire chinenero cha eni dziko msanga, ndi kuti pakatha miyezi 6 azilankhulana okhaokha m'chinenerocho. Ndicho chifukwa chake abambo a ku Mua anali kulalika m'Chinyanja. Sindinena kuti anayamikira zathu zonse. M'zaka za m'ma 1920 panali kulimbana koopsa pakati pa mishoni ndi anthu a gule wamkulu m'midzi yozungulira Mua ndi Mtakataka, makamaka pa nkhani ya ana, kuti apite ku sukulu kapena kudambwe. Zinasintha pambuyo pake. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, a chipani chomwecho, ochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni pa mishoni pomwepo, ndipo nyumba ya Chamare isunga zigoba za gule mazana ambiri, pa malo amene kale munthu wovina anali kuyesedwa mdani.

Tinene za malungo, pakuti aliyense wa kuchigwa kuno awadziwa. Amishoni a ku Scotland amene anamanga ku Cape Maclear mu 1875, tsidya lina la madzi kuchokera ku gombe la Mtakataka, anasamukira ku Bandawe mu 1881 atakwirira anzawo angapo. Chifukwa cha nkhani zotere, anthu amaganiza kuti malungo ndi nthenda ya mu Africa imene Mzungu anaipeza kuno. Koma dzina limene Azungu amatchulira nthendayi ndi la Chitaliyana, ndipo tanthauzo lake ndi mpweya woipa. Anali kukhulupirira kuti nthendayi idza ndi nthunzi yonunkha yochokera m'madambo. Mzinda wa Roma unali wozunguliridwa ndi madambo otere, ndipo miyezi yotentha anthu olemera anali kuthawira kumapiri. Mu 1623, makadinala atasonkhana m'nyengo yotentha kuti asankhe Papa, ambiri anadwala ndipo angapo anamwalira. Amene anasankhidwa, Urban VIII, nayenso anagona ndi malungo, ndipo ndiye anayambitsa mwambo woti Papa azikakhala ku Castel Gandolfo, kumapiri, nthawi yotentha. Abambo a ku Mua ndi ku Mtakataka akamakwera ku Bembeke kukapumula kozizira atafooka ndi malungo, anali kuchita zomwe Papa wawo anali kuchita. Ku England nakonso, m'madambo a kuvuma kwa dzikolo, alimi anali kunjenjemera ndi malungo chaka ndi chaka kufikira m'zaka za m'ma 1800.

Kachilombo ka malungo anakaona koyamba ndi dotolo wa asilikali a France, Alphonse Laveran, mu Novembala 1880, m'magazi a wodwala ku Constantine, mu Algeria momwe muja munayambira a White Fathers. Kuti udzudzu ndiwo umanyamula kachilomboka anatulukira ndi Ronald Ross ku India mu 1897, ndipo Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anatsimikiza chaka chotsatira mtundu wa udzudzu umene umapatsira anthu. Werengani nokha: pamene Mua inali kuyamba, nzeru yakuti malungo adza ndi udzudzu inali ya zaka 5 zokha. Mankhwala ake, kwinini, sanali a ku Ulaya. Anachokera ku khungwa la mtengo wa ku mapiri a Peru, ndipo Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, ndiwo anatulutsa mankhwala enieni m'khungwalo mu 1820. Ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malungo anali kupha anthu ngati 15,000 pa chaka. Mu 1900 boma linapanga lamulo loti lizikonza lokha kwinini ndi kumgulitsa motsika mtengo, ndipo anali kupezeka m'timasitolo togulitsa mchere ndi fodya m'mudzi uliwonse. Anakumba ngalande, anaumitsa madambo, pambuyo pa nkhondo yachiwiri anapopera mankhwala m'nyumba. Komabe bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti malungo atha ku Italy ndi ku Netherlands mu 1970. Alipo ambiri pakati panu amene anali atabadwa kale chaka chimenecho. Ndinena izi kuti mayi amene atopa ndi kumanga neti usiku uliwonse adziwe kuti nthendayi inathapo kwina, ndipo kumene inathako inatenga zaka 70 za khama losalekeza.

Nthenda ina ndi khate. Mu 1927 mishoni ya Mua inatsegula malo osamalira akhate, ndipo odwala anali kuchokera kutali kudzakhala kumeneko, ena moyo wawo wonse. Nayonso inali nthenda ya ku Ulaya. Zaka 800 zapitazo, kunja kwa mizinda yambiri ya ku France ndi ku England kunali nyumba za akhate, ndipo wodwala poyenda anali kuliza belu kapena timatabwa kuti anthu amdziwe. M'maiko ambiri nthendayi inachepa yokha, koma ku Norway, dziko la chisanu choopsa, inakhalitsa pakati pa asodzi osauka a kugombe. Pamene boma la kumeneko linayamba kulemba maina a odwala onse mu 1856, anapezeka pafupifupi 3,000. Dotolo wamkulu wa ku Bergen, Daniel Danielssen, anali kuphunzitsa kuti khate ndi la kumtundu, lochokera kwa makolo, ndipo pofuna kutsimikiza anadzibaya yekha ndi zochokera m'zilonda za odwala, osadwala. Mkamwini wake, Gerhard Armauer Hansen, sanavomereze. Mu 1873 anaona kachilombo ka khate pa galasi lokuza zinthu, nanena kuti nthendayi ndi yopatsirana. Mkamwini ndiye anali wolondola, ngakhale mpongozi sanalakwe zonse, pakuti tidziwa tsopano kuti anthu ambiri, oposa 9 pa 10 alionse, matupi awo amakana kachilomboka. Chipatala cha akhate cha St Jørgen ku Bergen chinatsekedwa mu 1946, odwala ake awiri otsiriza atamwalira. Pamenepo cha ku Mua chinali chitagwira ntchito zaka 19.

Ndipo mu 2016 akatswiri anapeza kuti agologolo ofiira a pa chilumba cha Brownsea, kumwera kwa England, ali ndi kachilombo ka khate, ka mtundu wofanana ndi kamene kanapezeka m'mafupa a anthu a kumeneko amene anaikidwa zaka 700 zapitazo. Anthu anachira, kachilombo kanatsalira mwa agologolo. Kuno kwathu khate lichiritsika ndi mankhwala a mitundu ingapo omwa pamodzi kwa miyezi 6 kapena 12, njira imene inayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo amaperekedwa ulere. Amene aona banga lotuwa pakhungu, losamva kukhudza, apite ku chipatala msanga zala zisanapunduke. Si matsenga, si tsoka la kumtundu.

Nthawi yanga ili kutha, tsono ndibwerere kwa anyamata a malegeni. Ndidziwa kuti ena a inu mumasaka mbalame m'madambo a ku Golomoti ndi m'mabango a kunyanja, kumene anamzeze amagona usiku ali ambirimbiri. Namzeze ndi dokowe ndi antchito a mlimi, mmodzi adya tizilombo touluka, wina adya dzombe ndi ntchemberezandonda, tsono ndi bwino kuwaleka. Koma mukapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kumwendo, musakataye, ndiponso musaope kuti ndi mankhwala a munthu. Pakampheteko palembedwa nambala ndi dzina la mzinda, mwina London, mwina Budapest, mwina Moscow. Lembani nambalayo bwinobwino, tsiku limene mwaipeza ndi dzina la mudzi wanu, ndipo mupereke kwa aphunzitsi kapena kwa a boma oyang'anira nyama za kutchire kuti atumize kumene kanachokera. Ngati mbalameyo ili moyo, werengani nambala yokha, kamphete mukasiye pomwepo, ndipo muitaye iuluke.